Kamunthu Kotsimphina pa Maloboti

Achemwali anga anakhala pabanja ndi munthu wotsimphina, ndipo zaka zonsezo ankayenda patsogolo pake. Sindikuwanena ayi, ndi mmene anabadwira. Miyendo yachangu, manja achangu, pakamwa pokha ndi pamene panali polemera. Pakamwa pa banja lathu lonse ndinatenga ndine, mpaka alamu angawo anandipatsa dzina loti a Sajeni, ati ndikakalipa ngakhale nkhuku zimaima pamzere.

Achemwaliwo ndi telala. Mumsewu wathu palibe amene amawatchula dzina, ndi a Telala basi. Kashopu kawo kali pansi pa nyumba yosanja, kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Muli makina opondera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, sizasi yaikulu yomwe saloleza munthu kuigwira, chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani, ndi chidole chopanda mutu choyezerapo madiresi. Makinawo anawaika pawindo, ati kuti aziona bwino polowetsa ulusi m'singano. Bodza lenileni! Pawindopo pankaoneka tsidya lina la msewu, pamene panali kanyumba ka malata ka amuna awo.

Alamu ankadula makiyi, ndiye anthu ankangowaitana kuti a Makiyi. Mwendo wamanzere unathyoka atangokwatira kumene, mgolo wa mafuta utawagwera kunyumba yosungira katundu komwe ankagwira ntchito yonyamula. Unapola, koma unapola mokhota. Poyenda ankaponya wamanja kutsogolo, n'kuima pang'ono ngati akuganiza kaye, kenako n'kukoka wamanzerewo. Nsapato yakumanzere inkadyeka m'mbali yakumanja ikadali yatsopano, ndipo ankadandaula kuti ogulitsa nsapato ndi anthu ouma mtima, sagulitsa imodzi.

Msewu umene unali pakati pa awiriwa si wamasewera. Magalimoto uku ndi uku, maminibasi olimbirana anthu, njinga zamoto zotulukira pamene sukuziyembekezera. Masiku amenewo kunalibe maloboti. Kunali mizere yoyera yokha, imene madalaivala ankaiona ngati zokongoletsera msewu. Koma masana aliwonse alamu ankakhoma kanyumba kawo n'kuwoloka kudzamwa tiyi ndi mkazi wawo.

Nthawi imeneyo ikakwana makina a achemwali ankaima. Phazi pachopondera, singano m'mwamba, maso pawindo. Alamu ankalowa mumsewu atakweza dzanja limodzi ngati munthu wofuna kufunsa funso, n'kumapita ndithu: kuponya, kuima, kukoka. Mahutala ankalira, madalaivala ankatukwana, iwo osatekeseka. Akafika pakhomo ankapukuta thukuta n'kunena kuti, “Galimoto ili ndi mabuleki, mayi. Ine ndilibe giya ina.” Achemwali osaseka. Ankangothira tiyi.

Madzulo ankaweruka limodzi, chifukwa alamu ankabweranso kudzawathandiza kutseka chitseko chachitsulo. Nyumba yawo ili tsidya lomwe lija, kuseri kwa pamene panali kanyumba ka makiyi. Ankaima pamodzi m'mbali mwa msewu, koma achemwali akangoona mpata, miyendo inkawanyamula yokha. Pocheuka ankapeza ali kale tsidya lina, amuna awo sanafike n'komwe pakachilumba ka simenti ka pakati pa msewu. Ndiye alamu ankakweza dzanja lija n'kufuula kuti, “Tsogolani mayi, ndikupezani!”

Mawu amenewo ndawamva mpaka kutopa nawo. Popita kutchalitchi, tsogolani mayi. Pochokera kumsika, tsogolani mayi, ndikupezani. Achemwali ankatsogoladi, n'kukafika kunyumba, kuyatsa moto, kutenthetsa madzi, alamu n'kumatulukira madziwo atayamba kale kuzizira. Tsiku lina ndinawaputa dala. Ndinati, “Alamu, mkazi wanuyu adzakuthawani tsiku lina, inu muli pamsewu.”

Anati, “Asiyeni, a Sajeni. Kumene akuthawirako kiyi wake ndinadula ndine.”

Koma amene anatsogola ndi iwo. Matenda a shuga anawagwira, anawadya pang'onopang'ono, ndipo m'mawa wina sanadzuke. Anthu obwera kudzapepesa ankanena mwaulemu mmene timanenera, kuti a Makiyi atsogola. Achemwali anamva mawuwo kwa uyu, kwa uyo, atakhala pamphasa. Kenako anandikoka mkono n'kundinong'oneza kuti, “Iwe Sajeni, akuti atsogola. Atsogola bwanji? Ndi mwendo uti?” Ine ndinaseka, ndipo kusekako kunathera m'kulira kumene sindinalirepo chibadwire.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, ndipo ali kumzinda wina kutali. Amaimba foni akakumbukira, kufunsa ngati amayi ake akumwa mankhwala, kenako netiweki yavuta. Anawauzapo kuti atseke shopu apite akakhale kwa iye. Achemwali anati ayi, kuno kuli madiresi a anthu. Madiresi ake ati? Anthu masiku ano amagula zosokeratu. Chimene chinatsala kwa telala ndi kusintha zipi, kupinda mathalauza ndi kuika zigamba.

Kanyumba ka makiyi kanatengedwa ndi munthu wogulitsa zikwama, n'kukapaka penti yachikasu. Kwa achemwali nthawi yowawa kwambiri inali masana. Dzuwa likafika paliwombo phazi linkaima lokha pachopondera, maso n'kupita pawindo, tsidya lija kuli zikwama zikulendewera. Pamapeto pake anasoka katani wa zidutswa za nsalu, natseka windo, natembenuzira makina kukhoma. Ine ndimakolopa m'maofesi mumsewu womwewu, ndiye ndikaweruka ndinkadutsirako. Ndinkawapeza akusoka m'kamdima, atafulatira msewu, mnzawo ali chidole chopanda mutu chija. Zinkandipweteka mtima, ndipo ine zikandipweteka ndimakalipa. Ndinkati, “Kodi mukufuna maso afe? Tsegulani windoli!” Ankangoti ehe, osatsegula.

Kenako kunabwera maloboti. Anakumba, anaimika mapolo, anapachika magetsi a magalimoto, ndipo kwa ife oyenda pansi anatiikira kabokosi tsidya ili ndi kena tsidya lija. M'kabokosimo muli kamunthu kopangidwa ndi timababu ting'onoting'ono. Kakakhala kofiira kamaima njo, manja m'mbali, ndiye kuti nawenso ima. Kakabiriwira kamayenda ndithu, miyendo ndi manja zikusinthana, ndiye kuti woloka. Nthawi ikatsala pang'ono kutha kamayamba kuthamanga, kukuuza kuti fulumira, ndipo ngati sunayambe usayambe. Masiku oyamba anthu ankaima pamenepo kungokaonerera. Ometa tsitsi anakapatsa dzina loti Bwana Wachangu.

Ndinapita kukawauza achemwali. Ndinati, “Tatulukani mudzaone, magalimoto akuima chifukwa cha kamunthu!” Sanatembenuke n'komwe. Anadula ulusi ndi mano n'kunena kuti, “Abwera mochedwa. Amene ankawafuna anapita.”

Dzinja la chaka chimenecho mvula inagwa yamphamvu, ndipo madzi analowa m'kabokosi ka tsidya lija, kamene kanapachikidwa pafupi ndi pamene panali kanyumba ka makiyi. Ine sindinadziwe kanthu. Ndinangofika tsiku lina manja akununkha sopo, n'kupeza katani wachotsedwa, makina abwerera pawindo, achemwali atakhala tsonga ngati akudikira mlendo.

Anati, “Sajeni, bwera udzaone alamu ako.”

Ndinaganiza kuti mutu wayamba kuwasokonekera. Koma ndinaima pambali pawo n'kuyang'ana kumene ankaloza. Kamunthu kanali kofiira. Kenako kanabiriwira n'kuyamba kuyenda. Abale inu! Timababu tina ta mwendo umodzi tinali titafa. Kankaponya mwendo wabwinowo kutsogolo, n'kuima pang'ono ngati kakuganiza, kenako n'kukoka winawo. Kuponya, kuima, kukoka. Ngakhale kupendekeka kwa phewa kunali kwa alamu anga enieni.

“Waona?” anatero achemwali. “Ndipo sathamanganso. Kanthawi konse amayenda choncho mpaka kufiira.”

Nkhope yawo inali itawala kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro. Ine ndinakondwa, sindinama. Anayambiranso kudzola mafuta, kumanga duku labwino, ngakhale kucheza ndi makasitomala. Masana akafika phazi linkaima pachopondera monga kale, koma tsopano pawindo panali choona. Ometa tsitsi anasintha dzina lija, Bwana Wachangu anasanduka a Makiyi, ndipo achemwali akamva ankamwetulira.

Vuto linayamba pamene anayamba kuwoloka. Muyenera kudziwa kuti miyendo yachangu ija inali itatha. Zaka za kuponda makina zinawatupitsa maondo, ndipo tsopano ankayenda mokakamiza, akugwira m'chiuno. Koma anayamba kupeza zifukwa zowolokera. Ati ndikagule ulusi wakuda, chonsecho ulusi wakuda uli wodzaza m'dirowa. Ati ndikaone ngati ndatseka mpopi kunyumba. Ankaima m'mbali mwa msewu mpaka kamunthu kabiriwire, kenako n'kumapita kwa iko, maso ali m'mwamba, akuponda pamene iko kaponda, kuima pamene iko kaima. Akafika tsidya lija ankatembenuka, kubwerera, n'kudikira kuti ayambirenso.

Nditawafunsa anandiyankha mosabisa. Anati, “Zaka zonse zija sindinayendepo nawo limodzi. Tsopano tikuyenda mofanana.”

Koma kamunthu kosathamanga n'koopsa. Kankayenda modekha choncho, iwe n'kumati nthawi ikadalipo, mwadzidzidzi psuu, kafiira, magalimoto anyamuka iwe uli pakati pa msewu. Ndinaziona ndi maso angawa. Ndikuchokera kuntchito ndinamva mabuleki akulira, poyang'ana ndi achemwali anga ali kutsogolo kwa lole, pakati pa iwo ndi chitsulo pangotsala kampata kolowa dzanja. Dalaivala anatulutsa mutu n'kuyamba kutukwana. Ine ndinamubwezera zonse ndi zoonjezera mpaka anakweza galasi. Kenako ndinawakokera achemwali m'shopu n'kutembenukira kwa iwo.

Ndinati, “Kodi mukufuna kufa chifukwa cha babu? Ndi babu limenelo, achemwali, babu lakufa! Mwana wanu ndikamuuza chiyani? Kuti amayi ako anagundidwa akuyenda ndi loboti?”

Anandisiya ndikalipe mpaka malovu kuuma. Atatero anati, “Iwe ukafika kunyumba umapeza amuna ako. Ndi olongolola, koma alipo. Ine ndikatseka chitseko chija palibe ngakhale wondifunsa ngati kunja kukuzizira.”

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unagawika. Ndinkafuna kabokosiko akakonze msanga, ndipo ndinkaopanso tsiku limene adzakakonze. Ndinapempha wometa tsitsi wamkulu kuti aziwayang'anira akamawoloka, ndipo ndikamakolopa m'maofesi a m'mwamba, ndikangomva mabuleki ndinkathamangira pawindo.

M'mawa wina wometa tsitsiyo anandiimbira foni. Anati, “A Sajeni, bwerani. Okonza maloboti afika, ndipo a Telala awagwirira makwerero.” Ndinasiya ndowa pakati pa khonde n'kuthamanga.

Ndinapeza galimoto yaima tsidya lija, makwerero atatsamira papolo. Wokonzayo anali bambo wachikulire wa imvi m'ndevu, atavala ovolosi, kabokosi katsopano kali m'khwapa. Achemwali anali ataima kutsogolo kwa makwererowo, tepi yoyezera ili m'khosi, manja onse awiri atagwira chitsulo. Wometa tsitsi anandinong'oneza kuti achemwali anali atayesa kale zonse. Anawaitanira bamboyo tiyi, anawauza kuti thumba la ovolosi lang'ambika avule awasokere, koma zonse zinakanika.

Achemwali ankanena kuti, “Bambo, bwanji osakakonza ka tsidya ilo?”

“Ka tsidya ilo kali bwino, mayi. Kodwala ndi aka.”

“Sikakudwala. Ndi mayendedwe ake.”

Bamboyo anandiyang'ana ngati akupempha thandizo. Ine ndinawauza mwachidule za alamu, za mwendo, za kanyumba ka makiyi kamene kanali pomwe tinaimapo. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero.

Anati, “Pepani mayi, ndamva. Kukanakhala kutsimphina kokha, mwina ndikanayang'ana kumbali. Koma sikathamanga. Kuthamanga kuja ndiko kumauza munthu kuti nthawi yatha. Dzana mayi wina wobereka mwana kumbuyo anapezeka pakati pa magalimoto pompano, anapulumuka mwamwayi. N'chifukwa chake andituma.”

Ndinayang'ana achemwali. Ndinaona zala zawo zikumasuka pachitsulo chija, kenako zikugwiranso, koma kagwiridwe kena.

Anati, “Ndiye kwerani. Ndikugwirirani makwererowa kuti musagwe. Koma musazimitse msanga. Ayende kaye kamodzi.”

Bamboyo anakwera, naima pamwambapo osagwira kanthu. Achemwali anapendeketsa khosi kuyang'ana m'mwamba. Kamunthu kanabiriwira. Kuponya, kuima, kukoka. Anthu ankawoloka, kutidutsa, ena kutiguguda ndi mapewa, palibe amene ankadziwa chimene chinkachitika. Kuponya, kuima, kukoka. Kenako kanafiira, ndipo bamboyo anatsegula kabokosi n'kusolola waya.

Atatsika ndi kakale kaja, ndinakaona pafupi. Ndi kambale kakuda chabe ka madontho, kadzimbiri m'mbali, madzi akudontha. Ine ndi ukali wanga ndinati, “Apatseni kameneko! Inu mukakachita nako chiyani?” Bamboyo anayamba kufotokoza kuti kamayenera kubwerera kumene amagwira ntchito, koma achemwali anawadula.

Anati, “Asiye apite nako, Sajeni. Kozima n'kachiyani? Wozima ndili naye kale, ali kumanda.”

Tinabwerera kushopu. Tsiku limenelo sindinapitenso kuntchito. Ndinakhala pampando wa makasitomala ndikumasula zipi yakale pathalauza la munthu, achemwali akusoka. Katani sanamubwezere, makina sanawatembenuze, koma sanakwezenso maso pawindo ngakhale kamodzi. Masana anafika, phazi silinaime. Ndinawathirira tiyi, anazizira pomwepo pafupi ndi chitini cha mabatani.

Dzuwa litapendeka tinatseka chitseko chachitsulo n'kukaima m'mbali mwa msewu. Panalibe pothawira, kunyumba n'kowoloka. Kamunthu katsopano kanali kofiira, kowala kwambiri kuposa kakale. Kenako kanabiriwira n'kunyamuka, msana uli chilili, miyendo yonse iwiri ikuponya mofanana, manja akugwedezeka ngati mnyamata amene akupita kokaona chibwenzi.

Achemwali anapuma mozama. Anati, “Umu ndi mmene ankayendera pobwera kwathu kudzandifunsira, mgolo uja usanawagwere. Iwe unali mwana, sungakumbuke.”

Ndinawagwira mkono, tinalowa mumsewu. Anayesa kuponda pamene iko kaponda, koma maondo anakana. Anthu onse anatidutsa. Tisanafike n'komwe pakachilumba ka simenti, kamunthu kaja kanayamba kuthamanga.

Ndinati, “Fulumirani achemwali, nthawi yatha!”

Anakoka miyendo mpaka tinakwera pakachilumbapo, ndipo pamenepo anaima. Ankapuma movutikira. Anayang'ana kamunthu kaja kakuthamanga tsidya lija, pafupi ndi zikwama zolendewera. Kenako anasolola mkono wawo m'dzanja langa, naukweza m'mwamba ngati munthu wofuna kufunsa funso.

Anati, “Tsogolani bambo, ndikupezani.”

Kamunthu kanafiira. Magalimoto anayamba kudutsa kutsogolo ndi kumbuyo kwathu, ndipo tinaima pamenepo kudikira.